Kaputeni wa Mabatani Agolide

1

Tsiku langa limayamba ndi ndowa. Kutunga madzi, kuchapa matewera, kuyanika, kusesa, kuteleka ketulo. Kenako kusambitsa mwana wanga, amene pakhomo timangomutcha Kaphokoso chifukwa dzinalo analigwirira yekha ntchito. Kenako kuwaikira apongozi anga aamuna tiyi ndi mapiritsi a maondo. Iwo amakhala pampando pafupi ndi chitseko tsiku lonse, ndipo munthu akangogogoda, ngakhale wogulitsa tsache, amadzuka ndi maondo omwewo kukamutsegulira. Mwamuna wanga amayendetsa lole ya maulendo aatali. Amabwera ngati mlendo, kusiya zovala zakuda, kutenga zoyera.

Ndikatha zonsezi ndimabereka mwana, kukwera basi, kukamusiya kusukulu ya ana aang'ono kuseri kwa msika, n'kuthamangira ku hadiweya kumene ndinkasesa, kupima misomali ndi kuphikira abwana tiyi.

Sukulu ndinalekera panjira, mimba itandipeza mayeso asanandipeze. Koma samu imodzi ndimaidziwa bwino: mwana akasowa pomusiya, mayi wasowa ntchito.

Kasukulu kameneko anakayambitsa ndi asilikali opuma, m'galaja yakale. Mtsogoleri wawo ndi mayi wina amene aliyense amamutcha Sajeni, anali namwino wa asilikali. Pali Kopolo, anali wophika, khutu limodzi linatseka. Pali ena angapo amene amasinthana kusesa ndi kuimbitsa ana nyimbo. Salipiritsa zambiri, ndipo ana kumeneko ngakhale nsapato zawo zimaima pamzere. Vuto linali denga. Linali ngati sefa. Anthu oyendera masukulu anabwera, anayang'ana kumwamba, anaona mtambo, anati mvula ikayamba denga lili choncho adzaika loko pachitseko.

Zimene ndinachita ndinachitira denga limenelo. Mugwire pamenepo, chifukwa kutsogoloku mundinyoza.

2

Sajeni anabwera yekha ku hadiweya kudzapempha malata. Anavala diresi yamaluwa, nsapato zapulasitiki, kachikwama kukhwapa.

"Bwana, tikupempha malata. Ngakhale okandika amene makasitomala amawakana."

Abwana anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mayi, inu mukuti munali msilikali?"

"Eya."

"Munawomberapo munthu?"

"Ine ndinkasoka owomberedwawo."

"Mendulo?"

"Zili kunyumba, m'chitini cha singano ndi ulusi."

"Bala lililonse looneka?"

"Msana. Koma suoneka pachithunzi."

Abwana anati aganiza kaye. Mukamva wamalonda akuti aganiza kaye, dziwani kuti waganiza kale.

Masana omwewo eni mashopu a mumsewu wathu anakumana mu ofesi ya abwana, ine ndikuthira tiyi. Nkhani inali yomweyo.

"Mtima wothandiza tili nawo," anatero mayi wa bekale, akuviika buledi wake yemwe. "Koma kasitomala aone. Ndikajambulitsa ndi mayi uja, anthu aziti ndikuthandiza wogulitsa tomato."

"Kopolo uja ndinamufunsa za kunkhondo," anatero wogulitsa mafoni. "Ola lathunthu akundifotokozera mmene ankapserezera mpunga. Ndiike zimenezo pachikwangwani?"

Abwana anamenya tebulo. "Atipezere msilikali wooneka ngati msilikali. Malata atuluka mawa lomwe."

Sindikudziwa chimene chinandigwira lilime. Ndinangomva mawu anga akutuluka, thireyi ili m'manja.

"Alipo Kaputeni wawo, bwana. Kungoti sakonda kuonekera."

Onse anacheuka. Tsiku limenelo ndi limene eni mashopu anadziwa kuti thireyi ya tiyi imakhala ndi munthu kumbuyo kwake.

"Mtsikana iwe, bwera nawo Loweruka."

3

Loweruka ndinabwera nawo. Kumene ndinawatenga musandifunse panopa.

Tinatsikira basi patali kuti tifike mwaulemu. Jekete yofiirira, mabatani agolide mizere iwiri, zingwe zolukana pamapewa, chipewa chokhala ndi khonde lonyezimira, magolovesi oyera, mendulo pachifuwa. Ndevu zometedwa bwino, kungotsala zapamlomo. Atafika pakhonde la hadiweya anaima chilili, zidendene pamodzi, n'kumenya sawatcha imene inaimitsa wanjinga mumsewu.

Abwana anatuluka akumanga batani la malaya. Anathamangira chitseko, anachitsegula okha, anawerama.

"Lowani, Kaputeni."

Kaputeni sanasunthe. Anayang'ana chitseko, anayang'ana abwana kumaso nthawi yaitali, anayang'ananso chitseko, ngati munthu amene wapatsidwa chida chimene sakudziwa pogwira. Ndinachita kuwakankha pang'ono kumsana.

"Kaputeni, munamenya nkhondo ya kuti?" abwana anafunsa titakhala.

Kaputeni anayang'ana patali, kudutsa mawilibala, kudutsa matumba a simenti.

"Bwana, musawakumbutse," ndinatero motsitsa mawu. "Anaona zambiri. Ndipo analumbira kuti zimene anaona sadzauza munthu."

Pa mawu onse amene ndinayankhula mwezi umenewo, amenewa okha ndiwo anali oona.

Mkazi wa abwana, amene tinkamutcha Madamu, ndipo ndiye ankakhala pakauntala ya ndalama, anapukuta misozi ndi lisiti. "Taonani maso awo. Munthu uyu waona imfa."

Wojambula anabwera. Kaputeni anaima pambali pa mulu wa malata osaphethira, osasuntha mwendo, mpaka wojambulayo ndiye anatopa.

"Awa ndiye asilikali," abwana anatero. "Osati amayi amadiresi aja."

4

Thandizo linayamba kugwa ngati matalala, ndipo ngati matalala, lambiri linali lopweteka.

Mayi wa bekale anatcha buledi wina kuti Kaputeni, anamukweza mtengo, n'kumatumiza kusukulu wotsala wa dzana. Wogulitsa mafoni anapereka zikuto za mafoni kwa ana amene sanayambe kutchula bwino mayina awo. Wa saluni anapereka mankhwala owongola tsitsi otha ntchito. Aliyense anabwera ndi chinsalu chokhala ndi dzina la shopu yake, chachikulu kuposa mphatso. Abwana anatulutsadi malata, koma analamula kuti dzina la hadiweya lilembedwe padenga ndi penti, zilembo zoti okwera ndege aziwerenga. Theka la malatawo asilikali anakhoma. Theka linalo abwana anati liunjikidwe pabwalo kudikira mwambo, kuti iwo adzakhome msomali woyamba kamera ikuona.

Munthu mmodzi yekha, wowotcherera zitsulo wa pakona, amene alibe ngakhale chikwangwani, anafika n'kufunsa kuti, "Chathyoka n'chiyani pano?" Anakonza geti, anamwa madzi, anapita. Palibe anamujambula.

M'mawa wina ndikutsitsa mwana kumsana, Sajeni anandiima kutsogolo ndi pepala lokulungira buledi. Panali nkhope ya Kaputeni.

"Mayi a Kaphokoso, akuti mkuluyu mumabwera naye ndinu. Ndi ndani?"

"Ndi munthu wokufunirani zabwino, Sajeni."

"Ine ndavala yunifolomu mpaka imvi. Mabatani ngati awa sindinawaonepo."

"Ndi a asilikali apamadzi."

Sajeni anayang'ananso pepalalo, anapinda mlomo. "Oo. Apamadzi aja n'zoona amadzikonda." Anapinda pepala n'kuika m'chikwama. "Pamwambo ndidzawapatse moni. Msilikali sadya dzina la mnzake asanamugwire chanza."

Ndinayesa njira zonse. Ndinauza abwana kuti Kaputeni akudwala, anati adzatumiza galimoto. Ndinati apita kumaliro, anati asuntha tsiku. Popanda Kaputeni, panalibe msomali. Ndipo mitambo inali itayamba kuunjikana madzulo alionse.

5

Tsiku la mwambo zinsalu za mashopu zinaphimba mpanda wonse, moti sukuluyo sinkaoneka. Ana anaima pamzere. Asilikali opuma anavala malaya awo akutchalitchi, n'kukhala kumbuyo chifukwa mipando yakutsogolo inali ya opereka. Kaputeni ndinawaimika pafupi ndi geti, kutali ndi Sajeni, n'kuwanong'oneza kuti, "Mawu ayi. Sawatcha yokha."

Abwana ndi Madamu anachedwa, monga amachitira anthu ofunika. Galimoto yawo itangokhota kulowa pageti, mvula inayamba. Madontho akuluakulu, oyamba a chaka.

Mvula, galimoto, geti. Zinthu zitatu zimenezi sindinaziganizire.

Kaputeni anatsomphola ambulera m'manja mwa mayi wa bekale. Maondo odwala aja anachira pomwepo. Anathamanga, anafunyulula ambulera, anatsegula chitseko chakumbuyo, dzanja lina analiika pamwamba kuti Madamu asagunde mutu, anawerama, n'kunena ndi mawu okoma omveka mpaka kumzere wa ana:

"Takulandirani ku hotela yathu, madamu. Katundu ali kubuti?"

Asanayankhidwe anali atanyamula kale chikwama cha Madamu.

Chete amene anagwa pabwalopo, ngakhale Kopolo anamumva ndi khutu lotseka lija.

Sajeni anadzuka, anayenda pang'onopang'ono mumvulamo, anaima pamaso pawo.

"Bambo, munali gulu liti?"

Kaputeni sananamepo chibadwire. Anaika zidendene pamodzi. "Chitseko chachikulu, mayi. Shifiti ya masana."

Sajeni anatembenuza mendulo imodzi, imene ine ndinaisokera chagada kuti zilembo ziyang'ane pachifuwa. Anawerenga mokweza: "Wantchito Wabwino wa Chaka."

Maso onse anabwera pa ine. Ndiye ndinene pano monga ndinanenera pamenepo, mwana atandigwira siketi.

"Ndi apongozi anga."

Eya. Bambo a mwamuna wanga, aja a pampando wa pachitseko. Moyo wawo wonse anagwira ntchito yolandira alendo pakhomo la hotela yaikulu kutsidya kwa tauni. Jekete inali m'sutikesi pansi pa bedi lawo. Ndinaisita ine. Ndevu ndinawatengera kometa ine. Ndinawauza kuti mashopu akufuna munthu wovala bwino woti aime pachithunzi kuti mdzukulu wawo apeze denga, ndipo kuti akamva mawu oti Kaputeni asatsutse.

Abwana anatuluka m'galimoto nkhope itafufuma. Anagwira apongozi pajekete n'kuwagwedeza. "Wakuba! Mlonda wachabechabe! Ine kukutsegulira chitseko iwe?"

Batani limodzi linathothoka n'kugwera m'matope. Apongozi analiyang'ana, kenako anati:

"Bwana, musang'ambe jekete. Mukuidziwa jekete imeneyi. Lachisanu lililonse masana munkandipatsa makiyi a galimoto yomweyi. Ine ndinakuzindikirani tsiku loyamba lija. Inu simunandiyang'anepo kumaso."

Atangomaliza anatseka pakamwa ndi golovesi. Koma mawu ndi mphepo.

Madamu anatenga chikwama chawo m'manja mwa apongozi mwaulemu kwambiri. Anatembenukira kwa amuna awo.

"Lachisanu masana? Si paja Lachisanu masana mumapita kukaoda simenti?"

Wojambula, amene analipidwa kuti ajambule msomali, anajambula zonse.

6

Dzuwa lisanalowe lole ya hadiweya inabwera kudzatenga malata amene anali asanakhomedwe. Zinsalu zinachoka pampanda mofulumira kuposa mmene zinabwerera. Buledi uja anabwerera dzina lake lakale, koma mtengo sunabwerere. Padenga panatsala theka la dzina la shopu, ndipo theka lina la sukulu linali thambo.

Ine abwana sanachite kundichotsa ndi pakamwa. Tsache langa ndinalipeza panja.

Mwamuna wanga anaonera kanema wa wojambula uja pafoni ali kudera lina, anzake akuseka osadziwa kuti ndi bambo ake. Anafika osatsitsa n'chikwama chomwe.

"Iwe, ndimakusiyira bambo anga kuti uziwasamala, iwe n'kuwapanga chidole chapamsika?"

"Ndiye mwana ndikanamusiya kuti? M'lole mwanu?"

"Unalephera kundiuza?"

"Ndikakuimbirani mumati muli pamsewu."

Apongozi anayankhula ali pampando wawo, osatiyang'ana. "Musiye mayiyu. Ine si mwana, ndinkadziwa kuti si ine Kaputeni. Kungoti zaka zonse zija ndinkatsegulira anthu zitseko. Mwezi uno wokha ndi umene anthu ananditsegulira ine. Ndinakomedwa, mwananga."

Mwamuna wanga anatsitsa chikwama.

"Chondiwawa si kusekedwa," anapitiriza. "Ndinapuma ntchito ndisanatulutsepo chinsinsi cha mlendo. Ndachitulutsa nditakalamba, chifukwa cha batani."

Chovuta kwambiri chinali kukaonana ndi Sajeni. Ndinamupeza akusuntha mphasa za ana kuzichotsa kumbali yopanda denga. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Ukudziwa chifukwa chake mendulo zanga zimakhala m'chitini?" anandifunsa. "Ndikaziona ndimaona anyamata amene ndinalephera kuwasoka. Dzina limene unaseweretsa si langa ndekha. Ndi lawonso."

"Pepani, Sajeni. Ndinkafuna denga."

"Nanenso ndikulifuna. Nyamula mwanayo, tiye."

Anandiyendetsa msewu wonse, shopu ndi shopu, iye mu diresi yamaluwa yomwe ija. Paliponse ine ndinkayamba: "Ndinakunamizani, Kaputeni kulibe." Kenako iye: "Koma ana alipo, ndipo akunyowa." Wogulitsa mafoni anati ali pafoni. Wa saluni anatiuza kuti tibweze mankhwala ake. Mayi wa bekale anati aganiza kaye.

Wowotcherera zitsulo anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anati ali ndi mitengo yachitsulo yotsala ndipo Loweruka alibe ntchito. Wa malo ochapira zovala, amene pamwambo sanaitanidwe n'komwe, anati tizibweretsa zofunda za ana zonyowa aziumitsa. Kalipentala wina anabwereketsa makwerero ndi anyamata ake.

Ku hadiweya ndinakana kulowa. Sajeni anandikoka dzanja. Pampando wa abwana panali Madamu. Shopuyo, tinamva tsiku limenelo, inali ya malemu bambo a Madamu, ndipo abwana anali atapita kukaoda simenti kosabwerera msanga.

"Malata aja katengeni," anatero Madamu. "Osalemba dzina lililonse. Sindikupereka kwa Kaputeni. Ndikupereka kwa munthu wa pachitseko, amene yekha anandiuza zoona m'tauni muno."

"Ndiye tsache langa, Madamu…"

"Iwe ayi. Munthu wonama mwaluso chonchi sindingamusiye pafupi ndi kauntala."

Malatawo anawanyamula mwamuna wanga pa lole, osandiyankhula njira yonse. Kopolo anakwera padenga n'kupaka penti pa theka la dzina lija. Oyendera masukulu atabweranso anayang'ana kumwamba, sanaone mtambo, anabweza loko m'chikwama.

7

Inu amene mukuwerenga muli kuseri kwa kauntala, ine sukulu sindinapite nayo patali, koma tiyi ndathira m'misonkhano yanu ndipo ndakumvani. Asilikali opuma akabwera ndi ntchito yothandiza anthu a m'dera lanu, musawafunse mabala. Ambiri amaoneka ngati ogulitsa tomato, ndipo nkhani zawo ndi za mpunga wopserera. Afunseni funso la wowotcherera uja: chathyoka n'chiyani? Mwina akufuna makwerero anu, lole yanu, Loweruka lanu. Mukaumirira kuti mukufuna wooneka bwino pachithunzi, adzapezeka mayi wina wopanikizika ngati ine amene ali ndi simbi yositira, ndipo adzakupatsani chimene mwaitanitsa.

Ndipo inu amayi anzanga, musanditengere. Walira mvula walira matope. Ine matopewo ndawaponda, ndipo mtengo wake ndi uwu.

Ntchito inatha. Panopa ndimachapa ndi kusita zovala za anthu, ndipo ena akamandipatsa jekete amati, "Musaikweze udindo." Mwamuna wanga anayambanso kundiyankhula, koma akaimba foni amayamba wafunsa bambo ake ngati sindinawaveke kanthu. Banja la abwana linagwedezeka, ngakhale limenelo sindilisenza ndekha. Sajeni amandipatsa moni, amalandira mwana wanga, koma ndikanena kuti kunja kukugwa mvula amasuzumira pawindo kaye. Chimenecho ndicho chodula kuposa zonse, ndipo sindikudziwa ngati ndidzamaliza kulipira.

Apongozi anakhala milungu osatuluka m'nyumba, mpaka Kopolo anabwera kudzawakuwira kuti geti ya sukulu ilibe munthu ndipo ana akuthawira kumsika. Tsopano timakwera basi atatu m'mawa. Amaima pageti ndi jekete yawo, mendulo zitayang'ana kutsogolo, kutsegulira kamwana kalikonse ndi kukawerama. Palibe amawatcha Kaputeni. Ana amawatcha Agogo a Pageti, ndipo mvula ikagwa amachita kulimbirana ambulera yawo.

Batani lagolide lija ndinalifuna m'matope, silinapezeke. Ndinasokapo lakuda, la thalauza yakale ya mwamuna wanga. Ndanena kangapo kuti ndikapeza kangachepe ndidzagula lofanana ndi anzake. Apongozi amakana.

"Lisiyeni, mayi," amatero. "Limenelo ndiye la kunkhondo."